Pang'ono Chabe

"Mwamuna wako, iye amenya iwe?"

Wakisa anachita tsinya. Chichewa cha Arif chinali chothyoka miyendo, ndipo ulemu munalibemo. Mnyamatayo anabadwira ku Leicester konkuno, chilankhulocho anangochitolera pakamwa pa amayi ake akamamukalipira ali mwana, ndiye mawu oti inu akanawapeza kuti?

Marjorie anali atakhala pansonga ya mpando mu ofesi ya pamwamba pa sitolo ya akina Arif ku Spinney Hill. Muofesimo munali motentha, koma iye jekete lake lalikulu sanavule, ndipo dzanja lamanja linali m'thumba.

"Pang'ono," anayankha, maso ali pansi.

Arif anatembenukira kwa Wakisa n'kubwerera ku Chingerezi chake. "Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi omwe amayi amanena ndikamawathirira shuga mu tiyi. Wakisa, chipinda chatsala chimodzi, ndipo akuchifuna ndi ambiri. Wina ali ndi mapepala a kupolisi. Komiti ikumana Loweruka kwa amayi. Ngati pali nkhani apa, uilembe imveke. Ngati palibe, usatitayitse nthawi."

Nyumba imene ankanenayo inali ku Wigston. Anaigula ndi Mayi Sultana, amayi ake a Arif, omwe anabadwira ku Limbe n'kudzalemerera ku England pa malonda a zakudya zapikulitsa. Amuna awo atamwalira, anati nyumbayo ikhale pothawira akazi amene kunyumba kwawo kwasanduka ng'anjo. Chuma chinali chawo, koma mawondo anali atawakana, choncho zoyendayenda anasiyira mwana wawo. Zofunsa akaziwo mafunso ndi kulemba mbiri zawo kuti komiti isankhe wolowa, anapatsa Wakisa.

Ntchitoyi Wakisa ankaikonda mopitirira muyeso, ndipo chifukwa chake n'choseketsa. Ku yunivesite ankafufuza za mlembi wina wa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene pambali polemba mabuku ankathandiza mayi wina wachuma kuyendetsa nyumba yosungiramo akazi ovutika. Mayiyo ankatulutsa ndalama, mlembiyo n'kumaona akaziwo mmodzimmodzi, kumva nkhani zawo ndi kunena woyenera kulowa. Tsiku limene Mayi Sultana anamuitana, Wakisa anadziona kuti munthu uja wa m'mabuku wauka, ndipo waukira mwa mwana wa ku Karonga. Anakagula ngakhale chikhothi chachitali chakuda pa sitolo ya kaunjika. Anzake ankangomutchula kuti a Mlembi, iye osadziwa kuti akumuseka.

Marjorie sanamusangalatse kuyambira pachiyambi. Atakumana pakhomo la sitoloyo, Wakisa anatambasula dzanja, mayiyo anangogwedeza mutu. Atamupatsa botolo la madzi, analandira ndi dzanja lamanzere lokha ngati akulanda. Wakisa anangoti mumtima, England imadya ulemu wa anthu.

Potuluka anakwera basi imodzi yolowera m'tauni, komwe Marjorie ankakasinthira ya ku Beaumont Leys. Mvula ya mawawa inali kunyowetsa magalasi. Wakisa sanathe kukhala phee, ankangosinthasintha miyendo.

"Achemwali, mwandipha lero. Munthu akufuna kukupatsani nyumba, inu n'kumuuza kuti pang'ono?"

"Nanga ndikanati bwanji, achimwene? Mwana wa eni ake, mwamuna, sindinamuonepo chibadwire. Ndimuvulire za m'nyumba mwanga?"

"Chabwino, uzani ine."

"Inuyo si mwamuna?"

"Ine pano ndine mlembi."

Marjorie anaseka kwa nthawi yoyamba, kuseka kwafupi kothera m'mphuno. "Ooh, alembi amavala siketi?"

Wakisa sanaseke. Anamupanikiza ndi mafunso mpaka basi inadutsa masiteji angapo. Zinayamba liti? Amagwiritsa ntchito chiyani? Magazi anatulukapo? Koma mayiyo ankatulutsa mawu ngati munthu wogawa ndiwo zochepa. Anati a Henry, amuna ake, ndi munthu wabwino, amaimba kwaya, kungoti akatopa ndi mashifiti mutu umawatentha. Anati viza yake inakwera pamsana pa ya amuna akewo, ndipo iwo amamukumbutsa zimenezi kawirikawiri. Anati anapitako kwa amayi a kutchalitchi, iwo n'kumuuza kuti banja ndi kupirira. Ku ntchito kwake, kosamalira nkhalamba, anali ataimba foni kuti wadwala.

"Ine sindikufuna zambiri," anatero basi ikuima. "Ndikungofuna chitseko chokhomera mkati. Ndigone tulo basi."

"Koma zimenezo sizingagonjetse mapepala a kupolisi."

"Ndiye mulembe zomwe ndanenazo. Ndithamange, a Henry akaweruka asakapeze mnyumba muli zii."

Anatsika mosamala, akugwira chitsulo ndi dzanja lamanzere, n'kulowa m'gulu la anthu.

Masiku otsatirawo Wakisa sanapeze mtendere. Mu laibulale ankakhala pansi, kudzuka, kukamwa madzi, kubwerera, kufufuta zomwe walemba. Zomwe Marjorie ananena sizinkadzaza ngakhale theka la tsamba, ndipo zinalibe mchere. Si kuti sankadziwa kalankhulidwe ka kwawo. Ankadziwa ndithu. Koma ankaona kuti mawu amodzi aang'ono ngati amenewo sangaime pamaso pa komiti, ndipo kuwafotokoza kukanamuonetsa ngati mlembi wosowa cholemba. Akaganiza za mayiyo akuthamangira basi kuti mwamuna asamupeze kulibe, mtima unkamuwawa zenizeni.

Lachinayi masana anadziuza kuti bodza lopulumutsa munthu si bodza. Atangotero, zala zinamasuka. Anaikamo mpeni wa kukhitchini. Anaikamo magazi pa matailosi oyera. Anamutulutsa Marjorie panja wopanda nsapato, chipale chofewa cha m'chisanu chikugwa, akugogoda pa zitseko za azungu osamutsegulira. Tisanamizane, pofika apa sankaganizanso za Marjorie. Ankawerenga ziganizo zake mokweza pang'ono n'kumadzigwedezera mutu, mpaka mtsikana wa pa tebulo loyandikana naye anasamuka.

Loweruka anakumana kwa Mayi Sultana ku Oadby, m'chipinda chochezera chachikulu chonunkhira lubani. Mayiwo anakhala pa mpando wawo wa pakona, bulangeti pa mawondo, mpango woyera kumutu, akusuntha mikanda ya mapemphero ndi chala. Sankalankhula pa misonkhano imeneyi, moti ena ankayesa akuwodzera. Panali Arif, ndi amayi awiri a komiti, mmodzi wa iwo Shazia, loya amene ankaona za malamulo a nyumbayo. Akazi ena ofuna chipindacho anali atamvedwa kale m'mawa. Marjorie anafika pomaliza, jekete lomwe lija, atawauza a Henry kuti wapita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi.

Wakisa anaimirira osavula chikhothi, n'kuyamba kuwerenga m'Chingerezi. Mawu ake ankakwera ndi kutsika bwino. Atafika pa mpeni, mayi wina wa komiti anagwira pakamwa. Atafika pa chipale, Shazia anatulutsa kansalu kopukutira misozi, ndipo ngakhale Arif anaika foni pansi. Wakisa anamva kukoma mumtima. Chimene anaiwala n'chakuti munthu amene amasambitsa nkhalamba za chizungu tsiku ndi tsiku, Chingerezi amachimva bwino lomwe.

"Pepani," anatero Marjorie m'Chichewa, mawu ali pansipansi. "Achimwene, mukuwerenga za ndani?"

"Dikirani achemwali, ndimalize."

"Ayi, ndikufunsa. Mayi ameneyo ndi ndani? Chifukwa dzina ndi langa, koma ine sindinayendepo pa chipale wopanda nsapato." Kenaka anatembenukira kwa onse n'kunena m'Chingerezi choyera, "A Henry sanandigwirirepo mpeni. Ali ndi zolakwa zawo, koma musawanamizire."

Shazia anapinda kansalu kake pang'onopang'ono.

"Wakisa, mpeni wachokera kuti?" anafunsa Arif.

"Ndimangofuna kuti nkhaniyo imveke. Munati imveke."

"Ndinati uname? Shazia, uzani munthuyu."

"Tikanapita nazo kupolisi zimenezi," anatero Shazia, mawu atauma. "Akanapeza kuti n'zabodza, sakanakhulupiriranso mayiyu, kapena mkazi wina aliyense wochokera m'nyumba yathu."

Wakisa anamva thukuta likutsika mkati mwa chikhothi. Arif anapumira m'mwamba n'kuyang'ana Marjorie.

"Ndiye zoona ndi ziti? Amakumenyani kapena ayi?"

"Ndinanena kale."

"Pang'ono?"

"Eya."

"Basi, tamva." Arif anatseka kompyuta yake. "Pepani mayi, chipindacho chipita kwa wina. Mukaona kuti zinthu zafika poipa, mudzatiimbire."

Marjorie sanadandaule. Anathokoza onse, n'kuimirira, n'kuyang'ana nthawi pa khoma. Wakisa anadziwa chimene ankawerengera, ndipo anachita manyazi ofika m'mafupa. Anali atamutengera munthu kumadzi akuya n'kumusiya komweko.

"Mlendo sachoka pakhomo panga kukamwa kuli gwa."

Onse anatembenukira kukona. Chichewa cha Mayi Sultana sichinali ngati cha mwana wawo. Chinali cha mumsika wa Limbe, chonona, cha munthu amene anaberekedwa kumbuyo ndi nsalu ya chitenje.

"Zikomo mayi, koma basi indisiya."

"Basi za kuno sizitha ngati za ku Thyolo. Bwerani kuno, mwana wanga. Tiyi wanga amakanidwa ndi adokotala okha."

Anathira okha tiyi wa mkaka ndi zonunkhiritsa. Ananyamula kapu ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza chigongono, n'kuipereka. Marjorie anayandikira, anagwada mawondo onse awiri pa kapeti, n'kutambasula dzanja lamanzere. Anagwira kambale ka kapuyo, koma Mayi Sultana sanakasiye.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza, mayi. Ku Linthipe."

"Ndaona kugwadako. Munthu wogwada chonchi analeredwa ndi anthu. Nanga amene anakuphunzitsani kugwada, za manja awiri anaiwala?"

"Sanaiwale, mayi."

"Ndiye linzake lili kuti?"

Marjorie anayang'ana kapeti, ndipo atayankha, mawu ake anali ngati a mwana.

"Likuwawa pang'ono."

Mayi Sultana anaika kapu pa tebulo. "Arif, a Mlembi, tatulukani. Mutseke chitseko."

Amuna awiriwo anaima m'khonde la mkati osayang'anana. Wakisa ankayenda kupita ku chitseko cha panja n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Mkatimo munamveka kunong'ona, kenaka zipi ya jekete, kenaka Shazia anafuula dzina la Mulungu. Patapita kanthawi anawaitana.

Jekete linali pansi. Mkono wa Marjorie unali pa pilo, pa miyendo ya Mayi Sultana. Kuyambira pa chigongono mpaka ku zala unali wotupa, wakuda bii, ndipo pamwamba pa mfundo ya dzanja unapindika pamalo pomwe mkono supindika. Anali ataumangirira ku mthiko ndi kachidutswa ka chitenje, mfundo zake zomangidwa ndi mano.

"Kuyambira liti?" anafunsa Arif m'Chingerezi.

"Lamulungu lapitali," anayankha Shazia. "Amuna ake anamukankhira pa masitepe. Anamuuza kuti akapita kuchipatala akamufunsa mafunso, ndipo viza ithera pomwepo. Zimenezo si zoona, ndamuuza kale, ndipo ndizitsata ndekha."

"Koma amayi, iye mwini ananena kuti pang'ono."

"Iwe, ku Limbe wantchito akabwera m'sitolo n'kunena kuti mwana kunyumba akudwala pang'ono, bambo ako ankatseka kauntala n'kukaliza galimoto. Ankadziwa kuti akachedwa akagula nsalu ya maliro. Mawu unawatola, koma anthu ake sunawatole." Kenaka anayang'ana Wakisa, ndipo iye analakalaka kapetiyo itamumeza. "Uyu ndimukhululukira, anabadwira m'chisanu. Nanga inu a Mlembi? Munakhala naye mu ofesi, munakwera naye basi. Mpeni munakautenga kutali chotani, dzanja ili lili pamphuno panu?"

"Ndinkayesa ndi mwano, mayi," anatero Wakisa. "Ndinkayesa England yawachotsa ulemu."

"Ndinaona kuti mwakhumudwa tsiku lija," anatero Marjorie. "Pepani, achimwene."

Kupepesa kumeneko kunamupweteka Wakisa kuposa mawu onse a Mayi Sultana.

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba la jekete pansi paja. Palibe anafunsa kuti akuimba ndani. Marjorie anaumitsa thupi, maso ali pa jeketelo, ndipo mwendo wake umodzi unali utayamba kale kudzuka. Foniyo inasiya, n'kuyambanso.

"Arif, kiyi," anatero Mayi Sultana.

"Amayi, komiti inagwirizana kuti uja wa mapepala..."

"Ameneyo alowe m'chipinda chake ku Wigston monga mwagwirizana. Ine ndikunena kiyi wa chipinda cha bambo ako chowerengera, pamwambapa. Mabuku awo sagona tulo. Uyu akhala kuno mpaka kwina kutapezeka malo."

Arif anakwera masitepe n'kubwera ndi kiyi wamkuwa. Mayi Sultana anamupereka, ndipo Marjorie, mwa chizolowezi, anayesa kudzutsa dzanja lothyoka lija kuti alandire bwino. Nkhope yake inakwinyika ndi ululu.

"Lisiyeni ligone," anatero mayiwo. Anaika kiyi m'chikhatho chamanzere cha Marjorie, n'kuchifumbatitsa ndi manja awo onse awiri. "Lero manja awiri ndi angawa."

"Chimakhomera mkati?"

"Mkati. Ngakhale ine ndizigogoda."

Foni ija inali ikulirabe. Marjorie anaiyang'ana, kenaka anapempha Shazia kuti aizimitse.

Kuchipatala anapita pa galimoto ya Arif, Shazia atakhala kumbuyo ndi Marjorie. Wakisa palibe anamuitana, koma ananyamula jekete ndi chikwama cha mayiyo n'kukwera kutsogolo, ndipo palibenso anamutsitsa. Anthu anali ambiri pa mabenchi, mpira wa Loweruka utabweretsa ake othyoka. Arif anapita kukasaka poimika galimoto, Shazia anatuluka kukaimba mafoni a ntchito yake. Dzina la Marjorie litaitanidwa, amene anatsala kuti alowe naye anali Wakisa.

Nesi wake anali mzungu wachikulire wooneka wotopa. Anayang'ana mthiko uja, n'kuyang'ana Wakisa ndi diso lokayikira.

"Awa ndi amuna anu?"

"Ayi," anayankha Marjorie. "Ndi achimwene a kwathu. Akhale."

"Chabwino. Ululu ndi wochuluka bwanji?"

"Pang'ono chabe," anatero Marjorie m'Chingerezi chake chaulemu chija.

Zala za nesiyo zinapita pa kompyuta.

"Pepani," anatero Wakisa. "Musalembe kaye." Anatembenukira kwa Marjorie n'kutsitsa mawu m'Chichewa. "Achemwali, mundilole ndinene?"

Marjorie anamuyang'ana, kiyi uja akadali m'chikhatho.

"Nenani zimene mwaona ndi maso basi. Mpeni uja usabwerenso."

Wakisa anavula chikhothi chake, anachipinda n'kuchiika pansi pa mpando. Kenaka anayamba ndi mthiko.